Kagalu ka M'katoni

Amuna anga, a Alufeyo, ndi munthu woti ukawauza kuti njira iyi ili ndi minga amavula nsapato kuti akatsimikize okha. Takhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu kuno ku Golomoti, ndipo khalidwe limeneli ndinalizolowera. Koma za kagalu ka m'katoni zija sindinazizolowere. Mpaka lero ndikazikumbukira, m'kamwa mumadzaza malovu ndipo ndimafuna polavulira.

Zinayamba ndi mbuzi. Mwezi wa Meyi, ife tili kalikiliki kumweta mpunga ku sikimu ya Bwanje, akuba anatsegula khola n'kutenga mbuzi ziwiri dzuwa likuswa mtengo. A Alufeyo analumbira kuti agula galu woti wakuba akangomva kuuwa kwake, mkodzo uzituluka wokha.

Ndinawauza kuti apite ku Mua kwa Mayi Benedicta, aphunzitsi opuma pantchito amene amaweta agalu. Aliyense kuno amadziwa kuti agalu awo amabayitsa katemera chaka ndi chaka. Anapitadi, koma anabwerako nkhope ili gwa.

"Mayi aja ndi achipongwe," anatero akutsamiritsa njinga pakhonde. "Andizunguliza mpanda wonse. Uyu ndi make, uyu ndi bambo wake, makadi a katemera ndi awa. Kenako mafunso. Azigona pati? Azidya chiyani? Alangizi a ziweto a kwanu mumawadziwa? Ngati ndapita kukafunsira mbeta! Pomaliza akuti tiagaluto sitinasiye kuyamwa, ndibwerenso pakatha masabata atatu."

"Nanga cholakwika n'chiyani pamenepo, bambo a Edna?"

"Akubawo adikira masabata atatu? Komanso agalu akewo ngofatsa ngati nkhosa. Make uja wandinyambita dzanja, ine mlendo!"

Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwo anati sakufuna nkhono, akufuna galu.

Loweruka lotsatira anapita kumsika wa ku Mtakataka, ndipo pobwera anali ndi katoni ya sopo atayimangirira pakaliyala. Pansi pake panali patanyowa. Fungo linayamba kufika iwo asanatsike panjinga: mkodzo, manyi, ndi fungo lina limene linkandikumbutsa Lamulungu m'mawa, osadziwa chifukwa chake.

"Amake Edna, bwerani mudzaone Jeremani weniweni, mtundu wa agalu apolisi!"

Ndinasuzumira m'katonimo. Kagaluko kanali ndi kamimba kotupa, nthiti zowerengeka, manthongo atamata m'maso, utitiri ukuyenda m'makutu ngati uli kwawo. Koma msana wake wokha unali wakuda bii, wonyezimira, ndipo ndi pamenepo pamene maso a amuna anga anathera.

Anati kagaluko anakagula kwa munthu wina dzina lake Lackson, amene amaima m'mbali mwa msewu waukulu pamene amaima maminibasi, n'kumaonetsa tiagalu pamawindo.

"Make munamuona?" ndinafunsa.

"Ndimuonerenji? Ndimagula make?"

"Nanga khadi la katemera?"

"Khadi la chiyani? Akavote?" Anaseka okha. "Ndipo mudziwe, amayi, Lackson wakadyetsa kale mavu."

Kwathu kuno anthu ambiri amakhulupirira kuti ukasinja mavu n'kusakaniza m'chakudya cha kagalu, kamakula kolusa ngati mavuwo. Ine sindinaonepo phindu lake, koma kwa amuna anga mawu amenewo anaposa makadi onse a Mayi Benedicta. Kagaluko anakatcha Mudzaona, dzina lolasa akuba ndi aliyense amene ankamukayikira m'mudzimu, ndipo anakagulira chingwe chatsopano cha nayiloni.

Sabata yoyamba Mudzaona sanaonetse aliyense kanthu. Ankangobisala kuseri kwa mtondo, kunjenjemera, kunyambita phala pang'ono n'kulisiya. Ine ndinali kuseka chamumtima. Koma sabata yachiwiri kagaluko kanasintha. Kanayamba kutafuna chingwe, kuluma mpini wa khasu, kukukuta timiyala, kulumpha n'kuluma mphepo pamene panalibe ngakhale ntchentche. Mawu ake anasasa. Nkhuku ikadutsa pafupi, kankaigwera ngati ili ndi ngongole ya magazi.

Amuna anga anakondwa ngati awina mpikisano. Anaitana anzawo a kusikimu kuti adzaone. "Mavu ayamba kugwira ntchito!" ankatero, akuloza. "Ali kuti mayi a ku Mua aja? Nkhosa zawo zingachite zimenezi?"

Lachinayi madzulo, anzawowo ataima mozungulira, a Alufeyo anagwada n'kutambasula dzanja kuti aonetse kuti galu wolusa amadziwa mbuye wake. Mudzaona anawakhadzula chala chachikulu osasiya. Anachita kumukanula kukamwa ndi kamtengo. Magazi anayenderera mpaka pachigongono, koma iwo ankangoseka, akuti, "Mwaona? Ngakhale ine!"

Ndinabwera ndi sopo ndi beseni, ndi kuwauza kuti atsuke balalo ndipo mawa tilawirire kuchipatala. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana pamaso pa alendo.

"Kuchipatala chifukwa cha kamwana kagalu? Bweretsani sizasi. Timete ubweya wake, titenthe, phulusalo tipake pabala. Makolo athu ankatero, ndipo sanathe."

Kagaluko anakaphimba mutu ndi thumba n'kukapanikiza pansi, ine n'kumeta pamsana. Sizasi inatuluka yakuda. Zala zanga zinada, zinali kumata. Nditanunkhiza, fungo la Lamulungu m'mawa lija ndinalizindikira: inali polishi ya nsapato. Ndinapukuta pamalopo ndi kansanza, ndipo Jeremani yense anatsalira pakansanzapo. Pansi pake panali ubweya wofiirira wa galu wamba wa m'mudzi, ndi zipsera zinayi zothothoka ubweya, ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo.

"Bambo a Edna, kagaluka kanalumidwapo."

"Tiagalu timalumana posewera."

"Kamwa lalikulu chonchi? Awa ndi mano a galu wamkulu."

Anatentha ubweya wa polishiwo, kupaka phulusa pachala, n'kumanga ndi kansalu. Anzawo aja anabalalika mmodzimmodzi, akuyang'ana pansi kubisa chiseko.

Pofika Loweruka, Mudzaona ankangotuluka dovu, kamwa lili yasa, miyendo yakumbuyo akuikoka. Lamulungu tikuchokera kutchalitchi tinapeza wauma. Amuna anga anati wina wansanje wamuthirira poizoni wa tameki, ndipo anatchula ngakhale maina a anthu amene ankawaganizira. Anamukwirira kuseri kwa khola, nkhani n'kuthera pomwepo kwa iwo.

Kwa ine siinathe. Ndili ndi zaka khumi, mlongo wanga Francis analumidwa pamwendo ndi galu wongodutsa. Bala linapola bwinobwino, tonse tinaiwala. Patatha miyezi iwiri anayamba kukana madzi. Ludzu linali kumupha, koma amayi akamubweretsera kapu, khosi lake linkakokana, iye n'kukuwa. Anachita kumumanga. Anamwalira tsiku lachinayi, ndipo ndi m'mene ndinadziwira kuti chiwewe chikangoonekera mwa munthu palibe mankhwala. Zonsezi amuna anga ankazidziwa, ndinawauzapo kale. Koma nditawakumbutsa anati ameneyo anali galu wamisala wa m'tchire, osati kagalu kogula ndi manja awo.

Ndinaganiza kuti ndikaone make ndi maso anga. Ngati ali moyo ndipo ali bwino, mwina ya tamekiyo ndi yoona, mtima wanga ukhale pansi. Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Mtakataka.

Lackson sindinamupeze pamsewu. Mayi wina wogulitsa tomato anandilozera njira yodutsa kuseri kwa mashopu, nati ndikamva fungo ndiye kuti ndafika. Sananame.

Mpanda wake unali wa malata adzimbiri ndi matumba. Ndinaodira kawiri, osayankhidwa, ndipo ndinakankha chitseko. Mayo ine! M'katimo munali agalu aakazi atatu, aliyense atamangidwa ndi waya wamfupi woti sangathe kugona motambasuka. Wayayo anali atadya khosi mpaka mnofu kuonekera, ntchentche zobiriwira zitaunjikana pamenepo. Mawere awo anali lendee, mafupa a m'chiuno ali tololo. Ankaima pa manyi awo omwe, akale ndi atsopano, opondedwapondedwa mpaka kusanduka matope. Pakati panali beseni la gaga wosakaniza ndi matumbo a nsomba, ndipo gagayo ankayenda yekha ndi mphutsi. M'mgolo wodula pakati munali tiagalu tosatsegula bwino maso tikukwerana, ndipo kamodzi kapansi kanali katafa kale, katatupa, tinzake tikukaponda. Madzi akumwa sindinawaone paliponse.

Agaluwo sanauwe n'komwe. Mmodzi anangondiyang'ana n'kugwedeza mchira kamodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa fungo.

Pawindo la nyumba panali zitini zitatu za polishi yakuda ndi mswachi wakale. Nditaziona, tiyi amene ndinamwa m'mawa anabwerera. Ndinasanza pomwepo, ndipo sindinachite manyazi, chifukwa masanzi anga anali chinthu chaukhondo kuposa zonse m'bwalomo.

"Amayi, mwalowa bwanji kwa eni osaodira?"

Nditatembenuka ndinaona bambo wa zaka ngati makumi atatu, malaya ositasita, nsapato zoyera mbee, akununkhira perefyumu. Ameneyo ndiye anali Lackson. Ankayenda monyang'ama kuti nsapatozo zisade.

Ndinamuuza kuti ndine mkazi wa bambo a ku Golomoti amene anagula kagalu masabata awiri apitawo, ndipo kagaluko kafa.

"Aa, pepani mayi. Mwina simunakasamale bwino, agalu achizungu ndi ovuta. Koma musadandaule, sankhani kena mumgolomo, tigwirizana."

"Sindikufuna kena. Ndikufuna kuona make."

Sanayang'ane n'komwe. Anangoloza ndi chibwano. "Ndi uyo."

"Uyo akuyamwitsa tiana tamasiku ochepa. Angabereke kawiri mwezi umodzi?"

"Ndiye ndi winayo. Mayi, agalu ndili nawo ambiri, sindingawaloweze onse."

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a munthu wamkazi. "Lackson, auze zoona mayiwo." Pamwamba pa malata panatulukira mutu wa mayi wachikulire, thovu la sopo lili m'manja. Anati dzina lawo ndi Namaliya, ndipo akhala moyandikana ndi fungo limeneli zaka zitatu.

"Make wa tiagalu timeneto anapenga, mayi," anatero. "Kunabwera galu wachilendo n'kumenyana naye, iye ali pawaya, osatha kuthawa. Patapita masabata angapo anayamba kuluma chilichonse, mpaka ana ake omwe. Anadula waya n'kutuluka, dovu lili chuchuchu. Anthu anamupha ndi miyala kuseri kwa chigayo. Ife tinamuuza uyu kuti aitane alangizi a ziweto, tiagaluto tisachoke pano. Iye anangodikira kuti mabala aume, n'kutenga mswachi wake."

"Inu a Namaliya, za eni zikukukhudzani chiyani?" anatero Lackson.

Ndinafunsa kuti tiagalu tolumidwato tinalipo tingati.

"Tisanu," anayankha a Namaliya.

"Tinayi tinato tili kuti?"

Lackson anakweza mapewa. "Maminibasi, mayi. Wina amapita ku Salima, wina ku Balaka. Mayi wina anagulira mwana wake, amati akufuna kosewera nako. Ine ndizifunsa maina? Ndine kalembera? Iyi ndi geni. Mumafuna nditaye katundu?"

Ndakumanapo ndi akuba, ndakumanapo ndi zidakwa zotukwana pamaliro, koma munthu wonyansa ngati ameneyo sindinamuonepo. Ndinangotunga gaga wamphutsi uja ndi chigoba cha chitini n'kumukhuthulira pansapato zoyerazo. Apo pokha ndi pamene nkhope yake inaonetsa chisoni.

Nditafika kunyumba ndinapeza a Alufeyo akuyanika mpunga patenti. Ndinawafotokozera zonse, osasiyako kanthu: waya, mphutsi, polishi, make wophedwa ndi miyala. Anamvetsera akupalasa mpunga ndi phazi. Kenako anamasula kansalu kaja n'kundionetsa chala.

"Taonani, lauma kale. Phulusa lagwira ntchito. Inu mukufuna anthu a kusikimu azindiseka kawiri? Poyamba polishi, tsopano kukagona pamzere wa jakisoni chifukwa cha kagalu kosakwana m'dzanja?"

Pamenepo ndinazindikira kuti munthuyu angalole kufa kusiyana ndi kuvomera kuti safunsa anadya phula. Sindinakanganenso nawo. Ndinapita kuseri kwa khola, kutenga chingwe cha nayiloni cha Mudzaona, kuchiwiritsa m'chitini, n'kuchipachika pamsomali pakhonde, pamwamba pa mpando wawo.

"Chimenecho n'chachiyani?" anafunsa.

"Ndasungira inu. Francis tinam'manga ndi chingwe cha mbuzi, ndipo chinaduka kawiri. Ichi n'cholimba, munasankha bwino. Ndikungofuna mundiuziretu amene adzakugwireni miyendo, chifukwa ndekha sindidzatha, ndipo Edna sindidzalola kuti akuoneni mukuuwa."

"Amake Edna, mukundilodza?"

Ndinalowa m'nyumba, kutunga madzi mumtsuko, n'kuwaikira kapu patsogolo. "Imwani pamene mukutha kumwa."

Anayang'ana madziwo nthawi yaitali. Kenako ananyamula kapuyo. Anamwa onse, akumvetsera khosi lawo ngati n'lamwini. Atamaliza anayang'ana chingwe chija, kenako anati ndiwapatse malaya abwino.

Kuchipatala adokotala anamasula chalacho, kuona phulusa, n'kupukusa mutu. Anafunsa tsiku limene analumidwa, ndipo titati Lachinayi, anawerenga masikuwo pazala zawo mokweza kuti amuna anga amve bwino. Anati jakisoniyo amateteza ndithu, koma amafunika kuyamba tsiku lomwelo, makamaka bala likakhala pachala. Anati tachita bwino kubwera zizindikiro zisanayambe, asadumphitse tsiku ngakhale limodzi mwa masiku amene awalembera, ndipo tikaona chachilendo chilichonse tithamange. Nanenso anandibaya, chifukwa manja anga anali ndi timabala ta zenga yomwetera mpunga pamene ndinkameta kagaluko. A Alufeyo, amene amalankhula ngakhale m'tulo, anangoti, "Chabwino, adokotala."

Tinakauza alangizi a ziweto. Atapita kwa Lackson anapeza agalu aja ali pawaya pomwepo, mwini wake atachoka ndi zovala zake. Ena akuti anamuona pasiteji ina kutsogoloku ali ndi katoni. Tiagalu ta Mayi Benedicta tinasiya kuyamwa pa nthawi yake, ndipo tonse tinatengedwa ndi anthu amene anatha kudikira. Kamodzi kali kwa anzathu a kusikimu, kamauwa kale mlendo akamayandikira khola. Amuna anga akamadutsa pamenepo amayang'ana mbali ina.

Jakisoni anamaliza onse. Tsopano papita miyezi inayi, ndipo anthu akuti ndileke kudandaula. Koma bala la Francis nalonso linapola. Choncho m'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, ndimawaikira kapu ya madzi patsogolo.

"Amake Edna, ndilibe ludzu."

"Imwani."

Amang'ung'udza, koma amamwa. Ine ndimaima pomwepo, maso ali pakhosi pawo, mpaka kapu ithe. Akameza dontho lomaliza ndimapuma. Kenako ndimakumbukira mayi wa m'minibasi uja, amene anagulira mwana wake kagalu kosewera nako, ndipo palibe amene anamuuza kuti aziyang'ana pakhosi pa mwanayo akamamwa madzi.